Chofunda cha Zigamba: Nkhani ya Pawailesi kwa Anthu a Kunyanja

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

Ndikupatsani moni inu nonse amene mwatchera khutu madzulo ano, kuyambira kwa Mponda ndi ku Malindi, kudzera ku Namiasi ndi ku Monkey Bay, mpaka ku Chembe ndi ku Msaka kumene asodzi akukonzekera kulowa m'madzi. Ndiponso inu a kumapiri a Namwera, amene mumakudziwa kuzizira kuposa ife a m'chigwa, moni wanga ukupezeni muli amoyo. Amayi ndi abambo, agogo ndi achinyamata, senderani pafupi, pakuti nkhani ya lero ndi ya singano ndi ulusi, ndi ya luso losoka chofunda kuchokera ku zidutswa za nsalu.

Alendo amene amabwera kuno m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nagona usiku wonse osafunda kanthu chifukwa cha thukuta, amabwerera kwawo ndi mbiri yakuti ku Mangochi munthu safuna chofunda. Koma ife eni dziko, amene timaumva mwera wa mu Juni ndi Julayi ukulowa m'ming'alu ya zitseko ndi kuvundula nyanja mpaka ngalawa kukokeredwa kumtunda, tidziwa kuti m'bandakucha wa nyengo imeneyo mwana amadzipinda pamkeka, ndipo nkhalamba imaphatikiza zitenje ziwiri kapena zitatu koma tulo osabwera. Gombeza la kusitolo si aliyense angalithe. Komatu mukapita pakhonde la sitolo iliyonse pa Boma, nimuyang'ana pansi pa makina a telala dzuwa likamalowa, mudzaona mulu wa tizidutswa ta zitenje, ta mayunifolomu a sukulu ndi ta madiresi a ukwati, timene mawa lake tisesedwa ndi kutenthedwa kudzala. Mtima wanga umawawa ndikaona utsi umenewo, pakuti m'menemo mukupsa zofunda za ana athu. Mu Uthenga wa Yohane timamva kuti khamu litadya nilikhuta, makombo sadasiyidwe paudzu, koma adatoledwa nadzaza mitanga 12. Ndipo makombo a nsalu nawonso ayenera wowatola.

Ndidziwa chimene chimatigwira manja. Ambiri a ife tidakula tikusekedwa pabwalo la sukulu chifukwa cha kabudula wa zigamba, kotero kuti lero, ngakhale tizizidwe, sitifuna kuti mlendo aone chigamba pakama pathu. Manyazi amenewa ndi achilendo, ndipo makolo athu sakadawamvetsa, pakuti iwo adaidziwa nsalu m'kuvuta kwake. Adafundula makungwa a mombo nawasula mpaka kufewa kuti apeze chiwondo. Ndipo pamene David Livingstone adakwera ndi mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, chaka chomwe adafika kunyanja yathu ino, adapeza Amang'anja akulima thonje, akulipota ndi kuliomba okha m'midzi mwawo, ndipo oomba nsaluwo kawirikawiri adali amuna. Amalonda a Chiyao, amene ankayenda miyezi kupita ku Kilwa, ankabwera ndi merikani, nsalu imene inkagula minyanga ndi chakudya monga ndalama. Agogo athu aakazi adavala biriwita mpaka kuthetheka, ndipo ngakhale itatheratu ankaing'amba kuti ikhale nkhata kapena lamba womangira mwana. Nsalu idayamba kuchuluka pamene fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, ndipo idachulukiratu pamene mabelo a kaunjika adadzaza misika yathu. Kuyambira pamenepo tidaphunzira kutaya, chinthu chimene amayi athu sadatiphunzitse.

Ndipo tisaganize kuti luso losoka chofunda cha zigamba ndi la Azungu okha, ngakhale ambiri tidaliona koyamba m'manja mwa akazi a amishoni. Ku India, m'chigawo cha Karnataka, kuli anthu a khungu lakuda otchedwa Siddi, amene makolo awo adatengedwa kugombe la kum'mawa kwa Africa, ena mwa iwo ku Mozambique, zaka mazana apitawo. Akazi awo mpaka lero amasoka zofunda za zigamba zotchedwa kawandi, zimene anthu a maiko akutali amazifunafuna. Ku America, m'mudzi wa Gee's Bend m'chigawo cha Alabama, akazi amene agogo awo adali akapolo a m'minda ya thonje ankang'amba mathalauza akutha a amuna awo ndi matumba a ufa, nasoka zofunda kuti ana asafe ndi chisanu m'nyumba zamatabwa. Sadaganizepo kuti akuchita chinthu chodabwitsa, koma m'chaka cha 2002 zofunda zawo zidapachikidwa m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo m'chaka cha 2006 boma la dzikolo lidazisindikiza pa masitampa a positi. Ife a ku Mangochi, amene njira za akapolo zidadutsa pakhomo pathu boma la Fort Johnston lisadamangidwe m'chaka cha 1891, tili ndi chifukwa chowayang'ana akazi amenewa ngati abale.

Tiyambe tsono ndi kusankha nsalu, pakuti apa ndi pamene ntchito imaonongekera isanayambe n'komwe. Nsalu yoyenera ndi ya thonje, chifukwa imamvera simbi, imalola singano kudutsa mosavuta, ndiponso imamwa thukuta, chimene ndi chinthu chachikulu m'dziko lotentha ngati lathu lino. Masiku ano zitenje zambiri zotsika mtengo, zija zonyezimira zoitana maso pamsika, ndi za poliyesitala kapena zosakaniza, ndipo akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njira yodziwira ndi yapafupi. Solani timaulusi tingapo m'mphepete mwa nsalu, mutiyatse ndi machesi muli panja ndiponso ana ali kutali: thonje limayaka ndi fungo la pepala lopsa nilisiya phulusa lofewa, koma poliyesitala imasungunuka, imanunkha pulasitiki, ndi kusiya kam'bulu kolimba, kamene simuyenera kukakhudza kasanazizire. Ngati mukugwiritsa ntchito zovala zakale za m'nyumba kapena za pakaunjika, zitambasuleni molunjika dzuwa, ndipo pamene kuwala kukudutsa kwambiri, monga m'mawondo, m'zigongono ndi pokhalira, pamenepo padatha kale, musapatenge. Kumsana kwa shati ndi kumunsi kwa siketi ndiko kumakhala nsalu yamphamvu. Musaphatikize jinzi yolemera ndi nsalu yopyapyala ya bulauzi, chifukwa yolemerayo idzang'amba inzake pamsoko, ndipo nsalu zotamuka, monga za malaya a mpira, zisiyeni mpaka dzanja litazolowera.

Nsalu zonse, zatsopano ndi zakale zomwe, zichapeni musanadule. Mau awa ndiwabwereza, chifukwa ndiwo amanyozedwa koposa onse: chapani musanadule. Nsalu yatsopano ya thonje ikalowa m'madzi koyamba imafupika, kawirikawiri ndi masentimita 3 mpaka 5 pa mita imodzi, pamene yakale idafupika kale nikhazikika. Mukazilumikiza zosachapa, tsiku loyamba kuchapa chofundacho yatsopano idzakoka yakale, misoko idzakwinyika, ndipo pena padzang'ambika. Nzeru imeneyi ndi yakale kwambiri, moti ngakhale Ambuye Yesu, mu Uthenga wa Mateyu ndi wa Marko, adaitenga ngati fanizo lodziwika kwa aliyense wowamvera. Palinso nkhani ya utoto. Viikani nsalu zofiira, zakuda ndi zobiriwira kwambiri m'madzi ofunda, iliyonse payokha, ndipo mukaona madzi asintha mtundu, tsukuluzani mobwerezabwereza. Kenaka pakani nsaluyo idakali yonyowa pa kansalu koyera, ndipo ikasiyapo banga ngakhale mwaichapa kangapo, ikaneni ndithu, ngakhale ikhale yokongola chotani, pakuti kachidutswa kamodzi kofiira kangathe kudetsa ntchito ya miyezi itatu.

Za mitundu ndilankhula mwachidule, chifukwa maso a mkazi wa kunyanja, amene amadziwa kugwirizanitsa mpango ndi chitenje popita ku ukwati kapena ku Idi, safuna mphunzitsi. Chokha chimene ndingawonjeze ndi ichi: chitenje chathu chili ndi maluwa akuluakulu ndi mitundu yolusa, ndipo mukayandikanitsa zidutswa zamaluwa zokhazokha, diso limasowa popumira. Pakati pa zamaluwa ikani zosalemba, monga zotsala za mayunifolomu zimene matelala amakhala nazo zambiri sukulu zikamatsegulidwa, ndipo musinthanitse zowala ndi zakuda. Koma pali nsalu zina zimene ndikupemphani kuti muziganizire kawiri. Nsalu yolembedwa mau a Mulungu, kaya a m'Baibulo kaya a m'Korani, si yoti iduliridwe pakati pa liwu ndi kuyalidwa pogona mwana wosadziletsa. Ndipo nsalu za zipani, za nkhope za atsogoleri, zimatha nyengo yake msanga kuposa chofunda, ndiponso zingalowetse mkangano wa pamsonkhano m'chipinda chogona. Koma chitenje chimene mayi anu adakuberekerani, kapena shati ya malemu bambo anu, zimenezo ziikeni pamalo aulemu, pakuti mwana wofunda chofunda chotere angathe kuloza ndi chala nafunsa, ndipo inu mudzapeza mpata womuuza za anthu amene sadawaone.

Zida ndi zochepa: singano, ulusi wolimba, sizasi yakuthwa imene simulola mwana kudulira mapepala, choko kapena kachidutswa kouma ka sopo kolembera, tepi yoyezera, ndi simbi, ngakhale ya makala. Makina osokera amafulumizitsa ntchito, koma zofunda zokongola zambiri padziko lapansi zidasokedwa ndi manja, makina a Singer asadatulukire m'chaka cha 1851.

Tsono mverani masamu, ndipo amene ali ndi pensulo alembe. Tengani katoni, mudule chidutswa cha mbali zinayi zofanana, masentimita 17 mbali iliyonse. Chimenechi ndicho muyeso wanu, ndipo zidutswa zonse za nsalu muzidulira pa icho, motsata ulusi wa nsaluyo, osati mopingasa, chifukwa nsalu yodulidwa mopingasa imatamuka. Sentimita imodzi mbali iliyonse idzalowa mumsoko, kotero chidutswa chilichonse chikasokedwa chidzatsala masentimita 15. Chofunda cha khanda, cha masentimita 90 m'lifupi ndi 120 m'litali, chifuna zidutswa 6 m'lifupi ndi 8 m'litali, zonse pamodzi 48. Cha munthu wamkulu wogona yekha, cha masentimita 150 ndi 210, chifuna zidutswa 10 ndi 14, ndiye kuti 140. Inu amene mukuyamba kumene, ndikudandaulirani, yambani ndi cha khanda. Mtima umafuna chachikulu cha pakama pa awiri, koma zofunda zosatha zimene zadzaza masutikesi m'nyumba zambiri ndi za anthu amene adayamba ndi chachikulu.

Mukadula zonse, ziyaleni pamkeka monga mufuna kuti zidzaonekere, muimirire patali, musinzinire pang'ono, ndipo pamene paunjikana zakuda kapena zowala mudzapaona msanga nimusuntha. Kenaka sonkhanitsani mzere uliwonse paokha, muuike nambala, kuopa kuti mphepo kapena nkhuku zingakusokonezereni. Posoka, gwirizanitsani zidutswa ziwiri kumaso ndi kumaso, musoke motsata mzere wa choko ndi timisoko tating'ono, ndipo mukasoka katatu kapena kanayi muzibwerera m'mbuyo kamodzi, kuti ulusi ukaduka penapake msoko wonse usamasuke. Mzere ukatha, usiteni, misoko yonse igonere mbali imodzi. Ya mzere wotsatira igonere mbali ina, kuti polumikiza mizere iwiriyo misoko ilowane bwino, ngodya zikumane, ndipo pasakhale chotupa. Apa musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kulakwa kwa theka la sentimita pa chidutswa chimodzi, kukabwerezedwa pa zidutswa 10, kumasanduka masentimita 5 amene simudzapeza powabisa.

Chimene mwasoka mpaka apa ndi nkhope chabe. Chofunda chenicheni chili ndi magawo atatu: nsalu ya pansi, za m'kati zotenthetsa, ndi zigamba pamwamba. Kumaiko ozizira amaikamo thonje lochindikala kapena ubweya wa nkhosa, koma kuno kugombe zimenezo zingakuphikeni. Nsalu yakale yoyala pakama, kapena zitenje ziwiri zakutha, ndi zokwana, pamene a ku Namwera angaikemo bulangete lakale limene layamba kuonekera. Yalani ya pansi pamalo osalala, kumaso kwake kuyang'ane pansi, ndipo ikhale yoposa zinzake ndi masentimita 5 kapena kuposerapo mbali zonse. Yalanipo za m'kati, ndipo pamwamba zigamba zija. Salazani ndi manja kuchokera pakati kupita m'mbali, ndipo mugwirizire magawo atatuwo ndi misoko italiitali ya ulusi wamtundu wina, imene mudzaisolola pomaliza. Kenaka sokani modutsa magawo onse, kuyambiranso pakati, mizere yoyendera limodzi monga ya m'munda, yotalikirana osaposa zala zinayi. Amene maso awo afooka angathe kungomanga mfundo ya ulusi wochindikala pa ngodya iliyonse ndi pakati pa chidutswa chilichonse, ndipo chofunda chidzagwira ndithu.

Pano mpamene ntchito imakoma kuchitira pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amayi a Mvano, a Dorika amene adatenga dzina la mkazi wa ku Yopa uja wosokera amasiye zovala, amayi a kumzikiti ndi a banki m'khonde, mungathe kuzungulira chofunda chimodzi pansi pa mtengo wa mango, sabata ino cha uyu, sabata ya mawa cha uyo. Ndipo abambo musadzipatule ayi. Dzanja limene limasoka ukonde wa chilimira pamchenga silingalephere msoko woongoka, ndipo miyezi ya kumapeto kwa chaka, pamene Boma limatseka nyanja kuti nsomba ziswane, ndi nthawi imene manja ambiri amakhala opanda chogwira.

Kwa amene masamu aja awaopsa, njira ya akazi a Siddi ndi yabwino koposa, ndipo ine ndimaikonda chifukwa siitaya ngakhale kachidutswa kochepetsetsa. Iwo sayeza ndi tepi. Amayala nsalu yakale yaikulu, nayambira pangodya imodzi kuika zigamba m'mphepete, akumapinda m'mbali mwa chigamba chilichonse ndi chala nachisokera pomwepo. Akazungulira mbali zonse zinayi amalowa m'kati pang'ono nazunguliranso, chigamba chatsopano chikukwera pa chinzake, mpaka atakumana pakati. Motero kulumikiza, kugwiriza magawo ndi kupinda m'mphepete zimachitikira pamodzi, ndipo singano ikafika pakati ntchito yatha.

Koma inu amene mwatsata njira yoyamba, kwatsala mpendero, ndipo apa ndi pamene ndifuna kulankhula nanu molimba mtima. Munthu akaona nkhope ya chofunda chake yakongola, anansi ayamikira, mtima wake umakhuta nthawi isanakwane. Amachipinda nati ndidzamaliza ndikakolola, ndipo mwera ukadza umachipeza chili m'sutikesi, m'mphepete muli lende, mwana akuzizidwa monga kale. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mpendero ndi ntchito ya masiku ochepa chabe. Dulani zotsalira za m'mbali kuti magawo atatu alingane. Dulani timizere ta nsalu yolimba ta masentimita 6 m'lifupi, mutilumikize mpaka titakwana kuzungulira chofunda chonse ndi kutsalako pang'ono. Pindani mzerewo pakati m'litali mwake, muusite, muusokere kumaso kwa chofunda, kenaka muupindire kumbuyo ndi kuusoka ndi manja, timisoko tobisika. Ukhale wophatikiza chotero chifukwa m'mphepete ndimo mumayamba kutha, momwe zala zimakoka usiku uliwonse. Dziikireni tsiku, ndipo ine ndikadati likhale mwezi wa Meyi usanathe. Pomaliza, pangodya ya kumbuyo, lembani ndi ulusi dzina lanu, mudzi wanu ndi chaka. Zofunda zambiri zakale zimene zili m'nyumba zosungiramo zakale kunja kuno sizidziwika adazisoka ndani, ndipo si bwino kuti zathu zikhalenso choncho.

Ena mufunsa za malonda, poona alendo amene amadza ku Cape Maclear ndi ku Nkopola. Msika ulipo, ndipo zinthu zazing'ono monga zikwama, zoyala patebulo ndi zovundikira mapilo zimayenda msanga kuposa chofunda chachikulu, chimene mlendo amavutika kuchinyamula. Koma uphungu wanga ndi wakuti choyamba chikhale cha m'nyumba mwanu, kuti muone nokha mmene chikhalira chikachapidwa kakhumi. Ndipo tsiku logulitsa likafika, werengerani masiku a manja anu pamodzi ndi mtengo wa nsalu ndi ulusi, musagulitse ntchito ya mwezi wathunthu pamtengo wa chitenje chimodzi.

Pochapa, musachimenyetse pamwala kunyanja monga timachitira ndi zovala za kumunda, ndipo musachipotokole pofinya, chifukwa chikanyowa chimalemera ndipo misoko imaduka. Chiviikeni m'beseni ndi sopo pang'ono, muchipondeponde mofatsa, mutsukuluze bwino, ndipo muchiyanike pamthunzi, kapena mochitembenuza, kuti dzuwa lathu laukalili lisasulutse mitundu. Nyengo yotentha ikafika, chisungeni chitauma gwa, m'thumba la nsalu osati la pulasitiki, kuopa chuku cha m'dzinja, ndipo muzichitulutsa kamodzikamodzi kuti chipitidwe mphepo ndi kuchipinda mwa njira ina, kuti mopindikamo musathe msanga.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Amene muli pafupi ndi telala, pitani mawa m'mamawa asanasese, mupemphe mwaulemu, ndipo ngati afuna kangachepe mum'patse. 

(Nyimbo yotsekera)